Njira ya Mphezi

Lamulungu, 14 Seputembala 1794

Mitambo yoyamba pamwamba pa mapiri. Mvula sinagwe. Yangodzaonetsa nkhope.

Itatha Misa amuna anga a Nicanor amangirira chingwe chatsopano pa Barbara, belu lija. Cha khonje, chokhuthala, chikununkhabe. Nsonga yotsala abwera nayo kunyumba, ati, "Make Jacinta, tagwira umve. Ichi nyulu ziwiri sizingadule." Sindinagwire. Ndimasenda mbatata.

Masisitere amene anandiphunzitsa kulemba ankati chinthu chikakuvuta mumtima uchilembe monga chilili, kenaka uchiwerenge ngati walemba wina. Ndiyese.

Barbara ndi belu lalikulu la pansanja ya tchalitchi chathu. Anabatizidwa ndi madzi ndi mafuta ngati mwana. Mitambo ikada, woimba belu amathamangira m'nsanja nkumakoka chingwe mpaka mvula itadutsa, kuti mphezi ndi matalala zithawe minda ya tirigu. Woimba belu ndi amuna anga. Asanakhale iwo anali atate. Atate anafera pachingwepo pa 9 Novembala 1779, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Manja akuda bii. Fungo la ubweya wowauka. Asanakhale atate anali a Crisanto, nawonso pachingwe pomwepo.

Ndawerenga ngati walemba wina. Belu lothamangitsa mphezi, anthu awiri ophedwa ndi mphezi ali pansi pake. Sizikulowa.

Lachitatu, 17 Seputembala

Ndinakasiya makandulo kwa wansembe watsopano, Bambo Ildefonso. Wamng'ono, wotsokomola, mabuku mpaka pansi pa bedi. Ndinawapeza akukhula ndodo yagalasi ndi nsalu yaubweya. Tinthenga ta patebulo tikudumphira kugalasiko tokha. Wophika wawo pakhomo, akulemba mtanda pankhope.

"Mayi Casilda, bweretsani chala." Ndinabweretsa. Thethe! Kamoto kobiriwira, koluma ngati linthumbu.

"Imeneyo ndi mphezi," ati. "Khanda lake."

Kamotoko ndimakadziwa. Kamathetheka pabulangete m'chilimwe, ndi pamsana pa mphaka ukamusisita. Sindinaganizepo kuti kali ndi make kumwamba.

Ati kutsidya kwa nyanja anthu akuimika chitsulo chosongoka pamwamba pa nyumba zazitali, nkumangirirapo unyolo wotsika mpaka kulowa m'dothi. Moto ukagwa umatsata chitsulo monga madzi atsata ngalande, nyumba osapsa. Ati sanalote ayi. Anayesa, ena nkubwereza kwawo, zinatuluka chimodzimodzi.

Ndinafunsa, nanga belu? Anayang'ana kukhomo kumene kunali wophika uja. "Za belu musandifunse ine, mayi. Ndabwera pa Pasaka pompano."

Andipatsa chokoleti chotentha. Njira yonse ndimayang'ana chala.

Loweruka, 20 Seputembala

Tsiku lonse pamphika wa mafuta a ng'ombe, kuviika makandulo. Manja pantchito, mutu kwina.

Zimene mphezi yamenya chibadwire ine: nsanja, katatu. Mgwalangwa wa pachipata cha Don Ruperto, mkulu wa alimi. Mkungudza wa padooko. Munthu wa pahatchi uja pamwamba pa chitunda, iye ndi hatchi yomwe. Zonse zazitali, kapena zili pamwamba.

Kanyumba ka a Brígida, amene amagulitsa mowa wa nzimbe Misa ili mkati, sikanakhudzidwepo. Kali m'dzenje kuseri kwa msika. Ngati mphezi imasaka ochimwa, ndiye kuti ili ndi ng'ala m'maso.

Ndawauza amayi. Anaika supuni pansi. "Atate ako analandira moto umene unkabwerera mudzi wonse. Anatifera. Iwe ukufuna unene kuti anafa ngati mtengo?" Kumsika ena amati anali atamwa tsikulo. Kwa ena woyera, kwa ena chidakwa. Chingwe chonyowa palibe amene amachitchula.

Lilime lakale la Barbara, chitsulo chogunda mkati mwa belu, limene linang'aluka tsiku lomwelo, amayi amalisunga pansi pa bedi, lokulunga m'nsalu yoyera. Chaka ndi chaka amaliyatsira kandulo. Kandulo wanga.

Lolemba, 22 Seputembala

Ndawauza a Nicanor za galasi ndi mphaka. Aseka mpaka kutsamwa mkate. "Ndiye kumwambako kuli chimphaka, wina akuchisisita?" Jacinta naye kuseka, osadziwa chimene akusekera.

Phwete litatha, mawu ena. "Nyumba ino ndi ya belu, make Jacinta. Ndinakwatira iwe, ndinakwatira ndi chingwe chomwe. Ndikachisiya tigona pabwalo, ndi amayi ako omwe." Zoona.

Anthu amati ndimayankhula motsitsa ngati ndikuulula machimo. Kutsitsa mawu si kuvomera.

Lachitatu, 1 Okutobala

Yagwa. Dzuwa litangopendeka. Bingu loyamba, a Nicanor chipewa m'manja, liwiro. Ine pakhomo, maso pansanja, Jacinta atandigwira siketi. Belu likalira ndiye kuti ali moyo. Likachedwa pang'ono pokha, ndimawerenga mumtima mpaka lilire.

Abwera atanyowa, matuza m'manja, akuimba mluzu. Matalala sanagwe. Don Ruperto, mkulu wa bungwe la alimi a tirigu, eni ake belu ndi nyumba ino, atumiza tchizi. "Waona?" atero amayi.

Ndaona. Ndinaonanso chaka chatha pa 19 Okutobala. Analiza mpaka manja kutuluka magazi, matalala anagwabe, tirigu wa kumunsi yense pansi. Tsikulo anati woimba anachedwa. Matalala akapanda kugwa, belu lagwira ntchito. Akagwa, walakwa ndi munthu. Mlandu woweruza chonchi belu silingagonje.

Tchizi ndi wabwino. Ndadya.

Lamulungu, 5 Okutobala

Bambo Ildefonso alimba mtima. Itatha Misa, pakhonde la tchalitchi, atchula za chitsulo chija pamaso pa bungwe. Ngati waponya mwala mumng'oma wa njuchi. Don Ruperto nkhope psuu. "Belu ili agogo anga aakazi anaponyamo ndolo zawo zagolide pamene linkasungunulidwa. Lero timukhomere Mulungu msomali wa anthu ampatuko padenga?" Wansembe chifuwa chinayamba. Kutsokomola basi.

Ndinati, "Tiyese." Palibe anamva. Ndinabwereza. Anamva ndi a Fulgencio, osula zitsulo, ndipo anafuula m'malo mwanga: "Mayi awa akuti tiyese!" Onse cheu.

Ndinati osati patchalitchi. Pachitunda cha msipu, pamene mphezi imakonda. Milongoti iwiri yofanana, uliwonse ndi kadenga kaudzu. Umodzi chitsulo pamwamba ndi unyolo mpaka m'dothi. Winawo chingwe chabe, monga cha Barbara. Tione kadenga kamene kapse.

Don Ruperto aseka. "Musiyeni asewere. Mkazi wa makandulo akufuna kuyatsa wamkulu." Avomera.

A Nicanor sanandiyang'ane njira yonse. Pakhomo ati, "Timawu tako tija takula lero."

Lachinayi, 9 Okutobala

Taimika. A Fulgencio atibwereka unyolo wawo wokokera mitengo. Chitsulo chosongoka agula wansembe ndi ndalama zawo. A Fulgencio akukumba, pakamwa posapuma: "Zikatheka, mayi, muzitchule dzina langa. Zikakanika, la abambo."

Lolemba, 13 Okutobala

Kwa wansembe ndi makandulo. M'thumba ndinabisamo ulusi uwiri wa makandulo, wina wouma, wina woviika m'madzi, ndi kawaya kachitsulo. Ndinapempha kuti akhulenso galasi lija.

Tinamangirira ulusi wouma kugalasi, nsonga yake pamwamba pa tinthenga. Tinthenga phe. Kawaya: tinadumpha. Ulusi wonyowa: tinadumphanso. Ndinati tibwereze. Chimodzimodzi. Ndinati tibwerezenso, mkono wawo unatopa.

Anandifunsa kuti ndaganiza bwanji za ulusi wonyowa, m'mabuku awo zilimo koma sanandiuze. Ndinati ndinachapa malaya onyowa amene atate anafa atavala.

Anasiya kumwetulira. Chokoleti lero sindinamwe.

Loweruka, 18 Okutobala

Mvula yabingu katatu. Milongoti ili chilili. Mphezi yapha ng'ombe kutsidya kwa mtsinje. Ng'ombe si yaitali. Mwina inali yokha padambo, chachitali pamenepo ndi iyo. Mwina. Sindinaone. Ndalemba ngakhale sizikundikomera.

Kochapira zovala milongoti ija aipatsa dzina: amuna a Casilda. "Amuna ako ali bwanji kuchitunda, Casilda? Aatali, osayankha, osamwa mowa. Utibwerekeko mmodzi!" Ndinaseka nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde. Koma nkhono ikudekha chonchi, amuna anga enieni akukoka chingwe chonyowa.

Lachisanu, 24 Okutobala

Yamenya! Dzulo chakumadzulo. M'mawa uno mudzi wonse kuchitunda, matope mpaka m'maondo.

Mlongoti wachitsulo. Nsonga yasungunuka, yadontha ngati kandulo. Pamene unyolo walowa pansi dothi lafukuka, msipu wapsa mozungulira. Koma kadenga kali bwinobwino, ngakhale kaudzu kamodzi kowauka. Mlongoti sunang'aluke. Ndinaugwira ndi manja onse. Wozizira. Ndinafuna kuvina, ine.

Don Ruperto anazungulira milongoti yonse iwiri, manja kumbuyo. Kenaka mofatsa: "Wamenyedwa ndi uti? Wachitsulo. Wachingwe uli phe. Ndiye kuti chitsulo chimaitana mphezi. Mukufuna tiike choitanira mphezi panyumba ya Mulungu?"

Onse kugwedeza mitu. Wansembe anatsegula pakamwa, kutuluka chifuwa. Chopweteka n'chakuti funsolo ndi lolondola. Don Ruperto si chitsiru. Taona chinthu chimodzi tonse, tabwerako ndi nkhani ziwiri.

Bungwe lagamula: chitsulo chosongoka pansanja, ayi. A Fulgencio atenga unyolo wawo. Ati, "Ndiye tizitchula dzina la yani, mayi? Zatheka kapena zakanika?"

Lamulungu, 2 Novembala, tsiku la akufa

Masiku onsewa sindinalembe. Panalibe cholemba koma mvula ndi belu.

Kumanda ndi amayi, maluwa ndi makandulo pamanda a atate. Amayi akupemphera, ine khosi linatopa, ndinadzutsa mutu. Kuchokera kumandako nsanja imaoneka mbali ya kumbuyo. Pamwamba pake mtanda. Wachitsulo. Wosongoka. Ndakhala ndikuuona moyo wanga wonse.

Kuyambira patsinde la mtandawo mzere wakuda ukutsika khoma, umene laimu amalephera kuubisa chaka ndi chaka. Ukufika pawindo la belu. Pamenepo wathera.

Wathera pamenepo chifukwa kuyambira pamenepo pali belu, ndi chingwe.

Ngati chitsulo chimaitana mphezi, mtandawo wakhala ukuiitana kuyambira ine ndisanabadwe. Msomali ulipo kale. Chosowa ndi unyolo. Zaka zonsezi unyolo wake unali chingwe chonyowa ndi munthu wogwira kunsonga kwake. A Crisanto. Atate.

Ndinawalozera amayi ndi chala. Anandimenya mbama pamanda pomwepo, ine mayi wa mwana. Kumwamba sanayang'ane.

Lachiwiri, 4 Novembala

Kwa Don Ruperto. Andilandirira pakhonde, mpando osandipatsa. Ndinati funso lanu lija linali labwino, ndabwera ndi yankho. Anamvetsera mpaka kumapeto, pamenepo ndiwayamikire. "Mtanda si chitsulo, mwana wanga. Mtanda ndi mtanda." Ndinati anausula ndi atate awo a Fulgencio, mukafunse kuti anausula ndi chiyani. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Uzikumbukira nyumba imene ukugonamo."

Kwa wansembe. Anadzambatuka, kuyenda uku ndi uku, "Inde! Inde! Bwanji ine sindinaone?" Kenaka anakhala pansi. Ati pafunika kalata kwa Ambuye aepiskopi, yankho mwina pa Lenti. Mvula idikira Lenti?

Ndinati bungwe laletsa chitsulo chosongoka. Ine sindikuikapo chosongoka. Unyolo chabe. Waletsa unyolo ndani?

Anatsokomola. "Mayi Casilda, mumayankhula motsitsa kwambiri. Ine sindinamve kalikonse."

Lachinayi, 6 Novembala

Ndayeza nsanja ndi ulusi wa makandulo, mwala kunsonga, a Nicanor atapita kumsika. Pawindo la belu mpaka pansi, mikono makumi atatu ndi iwiri. Pawindo mpaka pamtanda ndayerekeza ndi maso, isanu ndi itatu. Iwiri yolowa m'dothi. Yonse makumi anayi ndi iwiri.

Unyolo wa a Fulgencio uja aupereka, koma ukufika theka lokha. "Wotsalawo bweretsani chitsulo, mayi. Moto ndi nyundo ndi zanga." Chitsulo chake chiti? Chimabwera pamsana pa nyulu kuchokera kunyanja. Msomali umodzi munthu amauwongola katatu asanautaye.

Ndapereka khasu langa, mbedza yopachikira mphika, sikelo ya mafuta. Mafuta ndiziyeza ndi dzanja. Ndikuyenda mumsewu wa nyulu maso pansi, kutola zitsulo zoguluka kumapazi. Kochapira akuti Casilda wataya nzeru, ndiye akuzifunafuna m'matope.

A Nicanor afunsa kuti khasu lili kuti. Ndawauza. "Mawa ndidzuka ndipeza mano anga uli nawo kuchipala kwa a Fulgencio." Ndinati mano si chitsulo, agone mwamtendere.

Lamulungu, 9 Novembala

Tsiku la atate. Amayi ayatsa kandulo palilime la belu lija. Chichokereni kumanda sanandiyankhulepo. Chofuna kundiuza amauza Jacinta.

Chakumadzulo mvula yoopsa. Belu linalira, linalira, kenaka kuwala ndi bingu nthawi imodzi. Mkungudza wa pabwalo, pafupi ndi nsanja, wang'aluka pakati.

A Nicanor abwera opanda mluzu. Akhala pamoto. Ati tsitsi linaima m'mutu, chingwe chinkawaluma m'zikhatho ngati linthumbu. Linthumbu. Kamoto ka pagalasi kaja.

Asanadye atulutsa chikwanje chawo, achiika pamiyendo panga. "Si kuti ndakhulupirira za mphaka wako. Chabuntha basi." Anachinola Lachisanu.

Loweruka, 15 Novembala

Makandulo a phwando la Barbara Woyera, amene ndimapanga ine chaka chilichonse, bungwe lapereka kwa mkazi wina. Chakudya cha mwezi wathunthu chimenecho. Tidya nyemba ndi mikate yachimanga. Tinadyapo kale.

Koma zitsulo zikubwera zokha. M'mawa ndimazipeza pakhomo: loko wothyoka, theka la sizasi, chogwirira chidebe. Eni ake saoneka. Ena mwa iwo ndi a kochapira omwe aja, sizasi ndaizindikira.

A Brígida okha abwera masana poyera, mkombero wa mgolo wa mowa paphewa. "Tenga, mwana wa woimba belu. Ndamva ukuuza anthu kuti mphezi sindiona chifukwa ndimakhala m'dzenje. Ine zaka zonsezi ndimayesa ndi mapemphero anga!" Kuseka mpaka misozi. Amayi anatseka windo.

Lachisanu, 21 Novembala

Kuchipala. Khasu langa lasanduka mphete, chikwanje mphete, mkombero wa a Brígida mphete. Sungadziwenso ya wopemphera ndi ya wogulitsa mowa. Mkazi wa a Fulgencio akudandaula makala. Ndamupatsa makandulo.

Mvula kawiri sabata ino. Nthawi zonse ziwiri ndinaima pakhomo.

Lachitatu, 26 Novembala

Akupaka nsanja laimu chifukwa cha phwando, makwerero ali kale pakhoma. Dzuwa lili pamutu, msika uli wodzaza, a Nicanor ndi a Fulgencio akwera ndi unyolo. Sitinabise. Wobisa ndi wakuba. Aumangirira patsinde la mtanda, nkuutsitsa ndi khoma lakumbuyo, kutali ndi windo la belu.

Waperewera. Ukulendewera m'malere, kulekeza m'chiuno mwanga. Ndinaiwala kuti uzungulira milomo iwiri ya khoma yotulukira kunja. Ulusi unatsika molunjika, unyolo sungathe. Ine wodzitama ndi masamu.

A Fulgencio nthabwala zatha. Ati unyolo wosafika pansi ndi woipa kuposa kupanda unyolo. Moto ukafika kunsonga udumphira kumene ukufuna, ndipo khomo la woimba belu lili pomwepo. Chitsulo chatha. Ngakhale msomali.

Don Ruperto anafika, ndodo m'manja, kuugogoda. "Mchira wa Casilda." Ati phwando likatha utsike, ndipo bungwe likhala pansi pankhani ya nyumba. Ndinati unyolo sutsika. Ulendo uno anamva ndisanabwereze.

Kumapiri kwada.

Lachinayi, 27 Novembala

Dzulo sinagwe. Chisomo kapena mphepo, sindikudziwa.

M'mawa ndili kuchipala, ine ndi a Fulgencio tikungoyang'anana. Atulukira amayi, atawerama ndi katundu kumsana, nsalu yoyera. Atula pansi, gu! Lilime la Barbara.

Ine sanandiyang'ane. Auza a Fulgencio: "Sindikuti mwanayu akunena zoona. Ndikuti akazi amasiye awiri m'nyumba imodzi achuluka." Nsalu aipinda, apita nayo.

A Fulgencio avula chipewa asanaliike pamoto. Alisula tsiku lonse mpaka lasanduka ndodo yaitali. Theka talikwirira pamene madzi a padenga amagwera, pamanyowa chaka chonse. Theka lalumikizana ndi unyolo. Njira yakwana, kuchokera pamtanda mpaka m'dothi.

Pachakudya amayi andipatsira mchere ndisanapemphe.

Lolemba, 1 Disembala

Mvula kawiri. Nsanja sinamenyedwe. Wansembe akuti mwaona. Sitinaone kanthu. Masiku ambiri simenyedwa.

Lachinayi, 4 Disembala, Barbara Woyera



Mdipiti uli pakati pa bwalo, chifanizo cha Woyera pamapewa, mitambo inatsika ngati chivundikiro. Don Ruperto: "Nicanor! Belu!" A Nicanor anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Anathamanga.

Anthu onse m'makonde. Jacinta ndinamusiya ndi amayi, ine ndinazungulira kumanda kumene unyolo umaonekera. Mvula kumaso. Belu, belu, belu. Kenaka dziko lonse mbee. Bingu sindinalimve ndi makutu, ndinalimva m'mano. Ndinaona ndi maso angawa mzere wamoto kuchokera pamtanda, kutsata khoma, kulowa pansi.

Belu zii.

Ndinayamba Tikuoneni Maria, sindinadutse mawu oyamba.

Ngee. Ngee. Mokhotakhota, ngati akuliza woledzera. Koma likulira.

A Nicanor atuluka mvula itapita, akufuula chifukwa khutu limodzi latseka: "Make Jacinta! Mphaka wako uja wadutsa!" Ndinawamenya zibakera pachifuwa pamaso pa anthu. Kenaka ndinalira.

Unyolo: mphete zina zamatirirana, laimu watsopano wada mzere wonse, dothi patsinde likufuka nthunzi. Chingwe chonyowa, chozizira, chosapsa. Zikhatho zawo ndaziyang'ana kawiri. Matuza akale okha.

Lachisanu, 5 Disembala

Chozizwitsa, akutero. Barbara Woyera wapulumutsa woimba wake patsiku lake. Paunyolo amangirirapo maluwa ndi tinsalu tofiira. Don Ruperto agwada m'matope momwemo, ati unyolo usachoke, uli ndi lilime la Barbara, n'chifukwa chake wagwira ntchito. Za nyumba sanatchule. Wina ndamupeza ndi tupa, akufuna kudulapo mphete imodzi yovala m'khosi. Ndamulanda.

Amayi akuti ndi atate amene anagwira moto nkuulowetsa pansi. Sindinawatsutse. Wansembe akulemba kalata yaitali yopita kwa Ambuye aepiskopi ku Santafé, nkhope yowala, ati zatsimikizika. Ndinati kamodzi ndi kamodzi, abambo. Mvula ikadalipo mpaka Khirisimasi. Tionenso.

Chimene palibe akutchula: belu lili mkati molira dzulo, kumunsi kunagwa matalala. Tirigu pansi. Woimba sanachedwe, mudzi wonse ndi mboni. Ulendo uno alibe womuloza chala, ndiye angokhala chete.

Lamulungu, 7 Disembala

Khutu la a Nicanor layamba kumva. Tadya pakhonde. Asamba m'manja, ayang'ana kumapiri. Kwada kale.

Ati, "Make Jacinta, unyolo tinauyesa." Ndinati inde. "Nanga belu analiyesa ndani?" Ndinati palibe. "Munthu angaliyese bwanji?" Ndinati akudziwa okha. Ndinawakumbutsa za nyumba. Ati denga ndi udzu, umamera. Ati akapita kuchingwe lero safa, akudziwa, koma Jacinta adzakwatiwa ndi woimba belu wina, ndipo tupa m'mudzi muno si imodzi.

Bingu loyamba. Chipewa sanatenge. Atulutsa mpando, akhala pakhomo, manja pamaondo. Amayi atulutsa wawo, akhala pambali pawo, akusankha nyemba ngati palibe kanthu.

Bingu lachiwiri. Mitu yayamba kusuzumira m'makomo. Uko Don Ruperto akudutsa pabwalo, ndodo m'mwamba, akuitana dzina la a Nicanor. Ine ndikulembera pabondo. Kaya matalala agwa, kaya sagwa, ndilemba monga zilili. Ndipo kamodzi sikadzakwana.

Nsanja ili chete. Dontho loyamba papepala